Kabakha Kakakhala Pansi, Yambani Mwayang'ana M'mbale

[Nyimbo yotsegulira pulogalamu. Itsike pang'onopang'ono.]

Yakwananso nthawi ya pulogalamu yathu ya ziweto za pakhomo. Lero tikamba za abakha, makamaka tiana tawo, ndi vuto limene lagwetsa ulesi anthu ambiri oweta abakha m'makomboni mwathu muno, vuto la miyendo.

Amene munawetapo mukuidziwa nkhaniyi. Bakha wafungatira mazira masiku 35, monga amachitira abakha athu a nkhope yofiirawa, waswa tiana 12, tonse tanthanzi, tothamanga. Sabata yoyamba mtima uli m'malo. Yachiwiri chimodzimodzi. Ikafika yachitatu, mukuona kamodzi kakutsalira m'mbuyo. Kayenda pang'ono, kakhala pansi. Kadzuka, miyendo ili njenjenje, kakhalanso. Mukabwera ndi chakudya kakudzikhwekhwereza ndi chifuwa, kudzithandiza ndi timapiko, koma kakafika pambale kakudya bwinobwino. Pomatha sabata, tokhala pansi takwana tinayi. Miyendo yachita matewe, mawondo atupa.

Apa ndiye pamayambira milandu. Ana a pakhomo akalipiridwa kuti atiponda. Ena akuti ndi mphepo ya mu June. Ena ayamba kuyang'ana aneba ndi diso lofiira. Ine ndikupemphani, musanakalipire mwana, musanakayikire munthu, pitani mukayang'ane m'mbale imene tiabakhato tikudyera. Kawirikawiri mupezamo zinthu ziwiri zokha: gaga ndi mkute.

Mwina muti, kwathu ku Katete kapena ku Petauke agogo ankawapatsa gaga yemweyo, ndipo abakha ankakula osatsimphina. Zoona. Koma kumbukirani kumene abakha a agogo ankaswera. M'mawa ankatsikira kudambo, make patsogolo, ana pambuyo, tsiku lonse akufwanthula m'matope. Ankadya nyongolotsi, mbululu, tinkhono, ziwala, nsonga za udzu wanthete. Gaga wa madzulo anali wongotsekera m'mimba. Kuno ku Chifubu, mu Ndola, puloti ndi yaing'ono. Kunja kwa mpanda kuli agalu, kuli magalimoto, kuli akuba, ndipo aneba safuna zitosi pakhomo pawo. Ndiye timawatsekera kuseri kwa nyumba, m'kakhola ka malata akale ndi waya. Bakha wotsekeredwa alibenso kwina kokapeza chimene chikusowa m'mbale. Chimene mwamupatsa inu, ndi chomwecho basi.

Tsono chimene chimasowa kwambiri ndi vitamini wina wotchedwa niacin, amene amalembedwanso kuti B3. Vitamini ameneyu ndi wofunika kwa nyama zonse, ndi kwa ife anthu, koma bakha amamufuna kuposa nkhuku. Buku la kadyetsedwe ka nkhuku ndi abakha limene bungwe la National Research Council la ku America linatulutsa mu 1994 limati kabakha kamafuna mamiligalamu 55 a niacin pa kilogalamu iliyonse ya chakudya, pamene mwanapiye wa nkhuku ya nyama amafuna 35. Chifukwa chake n'chakuti thupi la nkhuku limatha kudzipangira niacin wina kuchokera ku zakudya zomanga thupi, pamene thupi la bakha ntchito imeneyi siliitha bwino. N'chifukwa chake mungathe kulera anapiye ndi tiabakha m'khola limodzi, pambale imodzi, anapiye n'kumathamanga, tiabakha n'kumagwa.

Onjezani pamenepo kakulidwe kake. Abakha oyera aja, otchedwa Pekin, amaswedwa akulemera magalamu 50 kapena kupitirira pang'ono, koma akamadya bwino amafika makilogalamu 3 m'masabata 7 okha. Athu a nkhope yofiira amakula mochedwerapo, komabe amasiya nkhuku ya kumudzi kutali, makamaka amphongo. Thupi likulemera tsiku ndi tsiku, mafupa a miyendo akutsalira. Zili ngati kusanjika matumba atatu a makala panjinga ya masipoko ochepa: gudumu lipindika basi.

Nanga chimanga chilibe niacin? Chili naye, koma womangika. Ali m'njeremo, koma mimba ya bakha singathe kumumasula, ndipo ya munthu nayonso imalephera. Nkhani imeneyi ife a kuno tinaiona pa anthu. Mu 1990, m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique kumwera kwa Malawi, anthu oposa 18,000 anadwala nthenda ya pellagra, imene imadetsa ndi kusupula khungu m'khosi ndi m'manja, m'malo owombedwa ndi dzuwa, n'kumatsegula m'mimba, penanso n'kusokoneza mutu. Chinayambitsa n'chiyani? Mtedza umene unkagawidwa pamodzi ndi ufa unasowa kwa miyezi ingapo, anthu n'kutsala ndi chimanga. Zinatenga nthawi yaitali kuti dziko lidziwe gwero la nthendayi. Munali mu 1937 pamene katswiri wina wa ku America, Conrad Elvehjem, anaonetsa kuti niacin ndiye amachiza nthenda yofanana nayo mwa agalu, ndipo posakhalitsa anayamba kuchiza naye anthu.

Ndingopatuka pang'ono. Chimanga ndi bakha wa nkhope yofiira, zonse ziwiri kwawo ndi kumodzi, ku Mexico ndi maiko a kumwera kwake. Eni ake a chimanga kumeneko, kuyambira kalekale, amachiphika ndi laimu kapena phulusa asanachipere, ndipo kuphika kotero kumamasula niacin uja. Chimanga chinawoloka nyanja n'kufika kuno, koma luso limeneli linatsala konko.

Tibwerere kukhola. Muchite chiyani? Ngati m'thumba mulipo kanthu, tiabakha tiyambe ndi chakudya cha kusitolo cha anapiye, chija chotchedwa starter, masabata awiri kapena atatu oyamba, kenako grower. Chimenechi chimaposa gaga kutalitali, koma kumbukirani kuti anachipangira nkhuku, choncho muwonjezere vitamini. M'masitolo a zaulimi m'tauni mu Ndola muno mumagulitsidwa timapaketi ta mavitamini osungunula m'madzi akumwa a nkhuku. Musangogula chifukwa cha chithunzi cha tambala wonenepa. Tembenuzani paketi, muwerenge kuseri. Mufunefune mawu akuti niacin, kapena nicotinamide, kapena nicotinic acid. Onsewa ndi vitamini mmodzi yemweyo. Mlimi wina wodziwika wa abakha wa ku Oregon, Dave Holderread, amalangiza muyeso umene ukasinthidwa kukhala wa malita umakwana mamiligalamu 25 mpaka 40 pa lita imodzi ya madzi, kufikira tiabakha titakwana masabata 8 kapena 10. Madziwo musungunule atsopano tsiku lililonse. Palinso yisiti youma yotchedwa brewer's yeast, imene ili ndi niacin wambiri, yowaza pachakudya chonyowetsa pang'ono. Musaisokoneze ndi yisiti ya mandasi ndi mabanzi. Imeneyo ndi yamoyo, imafufumitsa, si yopatsa kabakha.

Koma ambiri a ife sitingagule thumba la starter chifukwa cha tiabakha 12, ndipo sindikuona chifukwa chochitira manyazi. Pitani pamsika wa Chifubu kapena wa Masala kwa amayi ogulitsa kapenta. Thumba la kapenta wa ku Mpulungu kapena wa ku Siavonga likamatha, pansi pamatsala timitu, timichira ndi fumbi. Zimenezo amagulitsa motchipa. Kwa kabakha, fumbi limenelo lili ndi zonse zitatu: zomanga thupi, niacin, ndi tiziminga tolimbitsa mafupa. Mulilawe kaye. Ngati lili ndi mchere, liviikeni m'madzi, mutaye madziwo, chifukwa mchere wambiri umapha tiana ta mbalame msanga. Kenako musakanize ndi gaga. Soya naye ndi wabwino, koma akazingidwe kaye asanagayidwe. Wamuwisi amalepheretsa kugaya chakudya m'mimba. Duladulani masamba a chibwabwa, a bondwe kapena a kalembula, muponye m'mbale ya madzi, muone mmene atawathamangire. Mvula ikagwa mu November, inswa zikatuluka, ana akatole zambiri, zina za m'poto, zina za kukhola. Ndipo ngati kuseri kwa bafa kuli kadothi konyowa, tembenuzani ndi khasu, nyongolotsi zili pomwepo.

Mukayamba msanga, kabakha kakangoyamba kunjenjemera, kawirikawiri mumaona kusintha pakangopita masiku ochepa. Mukachedwa fupa n'kupindikiratu, vitamini sangaliwongolenso. Ndiye musadikire kuti tiyambe kugwa. Ndipo kamodzi kakagwa, thandizani tonse, pakuti tonse tikudya mbale imodzi.

Ndatchula mtedza poyamba paja, ndipo ndikudziwa kuti amayi ena aganiza kale zokasesa pansi pa thumba la nshawa. Apa ndiime nji. Mtedza wabwino uli ndi niacin wambiri, inde. Koma umene timapatsa ziweto ndi uti? Ndi uja tasankha potaya, wofota, wakuda, wowawa, wa chuku. Mu chuku chimenecho mumakhala poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo pa ziweto zonse za nthenga, tiabakha ndiye tosachedwa kufa naye. Poizoniyu anadziwika nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa cha chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Akatswiri atafuna njira yoyezera ngati chakudya chili ndi poizoniyu, ankachidyetsa tiabakha ta tsiku limodzi, chifukwa ndi timene tinkaonetsa msanga. Ndipo si nkhani ya kutali. Mu August 2024 unduna wa zaumoyo kuno ku Zambia unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa, ndipo poyeza anapeza aflatoxin wochuluka mu ufa wina wa chimanga. Kabakha kodya poizoniyu kamasiya kudya, kamatsimphina, miyendo ndi mapazi zimathimbirira, kenako kamadzandira, kamakomoka khosi litapindikira kumsana. Palibe mankhwala ochotsa poizoniyu m'thupi. Choncho gaga musanagule, lowetsani dzanja m'thumba. Akakhala wofunda, woumbika zibuma, kapena wonunkha chinyezi, musiyeni ngakhale atsitse mtengo. Kunyumba thumba likhale pathabwa, osati pasimenti, makamaka m'miyezi ya mvula. Chakudya chonyowetsa chimene chatsala m'mbale madzulo, tayani, mbale itsukidwe.

[Nyimbo yaifupi.]

Mukumvera pulogalamu ya ziweto za pakhomo, ndipo tikukamba za miyendo ya tiabakha. Sikuti kutsimphina konse kumachokera m'mbale. Chimene chingakuthandizeni kusiyanitsa ndi kufunsa mafunso awiri: kayamba liti, ndipo kakudya kapena ayi?

Ngati kayamba tsiku loyamba kapena lachiwiri chiswedwere, miyendo ili tangadza, wina kumanja wina kumanzere, mimba ili pansi, yang'anani pamene kakuponda. Ambiri timatenga tiana kwa make kuopa makoswe ndi akhwangwala, n'kutiika m'beseni lapulasitiki, kapena m'katoni yoyalamo nyuzipepala, kapena kungotisiya m'chipinda. Tsono amayi a ku Copperbelt timawadziwa ndi kupolisha. Simenti yofiira ya cobra ili waliwali, munthu wovala sokosi amatereka, nanji kabakha ka tsiku limodzi ka mapazi onyowa? Kakaterereka kawiri katatu, miyendo imatseguka m'chiuno, ndipo kakapitiriza choncho imakhala momwemo. Yalani chiguduli, thaulo lakale, kapena udzu wouma wodula. Kuno ku Ndola matabwa a paini sasowa, choncho kwa akalipentala mungapeze zopala za matabwa. Mutenge zokhakhala, osati utuchi wosalala, umene tiana timadya poyesa chakudya.

Kamene katangadza kale kamatheka kukonza mukakapeza msanga. Dulani kachidutswa ka bandeji kapena pulasitala, mumange miyendo yonse iwiri pamwamba pa mapazi, pansi pa mawondo, n'kusiya mpata pakati wofanana ndi mmene kanzake kabwino kamaimira. Musathine. Pulasitalayo muyambe mwaikira kansalu kuti asamatirire pakhungu. Tsiku lililonse masulani, muone ngati kakuima, mumangenso, pakuti mwendo ukukula. Masiku atatu kapena asanu nthawi zambiri amakwana. Kakadali komangidwa, madzi ake akhale osaya kwambiri, kangamire m'mbale momwemo.

Ngati kali ndi masabata angapo, kakudya, koma kakuyenda monyinyirika, gwirani mlomo wake ndi zala ziwiri. Mlomo wa kabakha kabwino ndi wolimba. Ukamapindika, ndiye kuti mafupa onse ndi ofewa, chifukwa chosowa calcium, kapena chosowa vitamini D amene thupi limapanga likawombedwa ndi dzuwa. Izi zimachitika kwa tiabakha tokulira m'chipinda kapena m'khola lotsekedwa ndi malata mbali zonse. Titulutseni tiothe dzuwa la m'mawa, ndipo kapenta uja athandizanso pamenepa. Koma musathamangire kutipatsa chakudya cha nkhuku zoikira mazira poganiza kuti muli calcium wambiri. Alimodi, koma wopyola muyeso wa kamwana, ndipo amawononga impso.

Pali zina ziwiri zimene ndingozitchula mwachidule. Zala zikapindikira mkati, kabakha n'kumayendera mawondo, ndi kusowa kwa vitamini wina wa gulu lomwelo la B, ndipo paketi ija imathandiza. Mtsempha wa kuseri kwa bondo ukaguluka m'malo mwake, mwendo n'kupotokera kunja, zimenezo n'zovuta kubweza, makamaka zikagonera.

Ndiye pali kagwiridwe. Nkhuku timaigwira miyendo n'kuizondotsa, ndipo tinazolowera. Bakha sagwiridwa choncho. Miyendo yake ndi yaifupi, inamera chakumbuyo kwa thupi, ndipo imaguluka msanga. Bakha mumugwire thupi, mapiko mutawapanikiza, dzanja lina lili pansi pa chifuwa. Ana anu muwauzenso kuti kuthamangitsa tiabakha pabwalo si masewera. Yang'ananinso kunsi kwa phazi. Khungu la pamenepo ndi lofewa, ndipo mabwalo athu adzaza ndi zidutswa za mabotolo, misomali, waya ndi miyala ya konkire. Kabala kakang'ono kakalowa dothi kamasanduka chotupa cholimba chokhala ndi kachipsera kakuda pakati. Mukakapeza kakadali katsopano, tsukani ndi madzi ofunda a mchere pang'ono, mupake ayodini, kabakhako kakhale pouma.

Tsopano funso lachiwiri lija. Zonse ndanenazi, kupatula za chuku, kabakha kamakhala kakudya, maso ali gwa. Kakasiya kudya, nkhani yasintha. Mukaona misozi m'maso, chimfine m'mphuno, chitosi chobiriwira chamadzi, mutu ukugwedezeka, kabakha kagwa chagada n'kumapalasa miyendo m'mwamba, ameneyo angakhale matenda a tizilombo totchedwa Riemerella, amene amagwira tiabakha ta sabata imodzi mpaka masabata 8, ndipo amakonda makola onyowa, othinana. Amafuna mankhwala oyenera, ndipo woti akuuzeni mankhwalawo ndi dokotala wa ziweto, osati makapisozi otsala m'kabati a munthu amene anadwala chifuwa.

China ndi ichi. Bakha wamkulu kapena wamng'ono, dzulo anali bwino, lero miyendo yafa, kenako mapiko agwa, kenako khosi lalefuka, mutu wagona pansi, zikope zatsekeka. Dzifunseni kumene anamwa madzi. Ngalande zathu m'nyengo yotentha ya October zimakhala ndi madzi oima, obiriwira, ndipo m'menemo mumagwera makoswe akufa, mitu ya nsomba, matumbo a nkhuku. M'zowola zotere mumapangika poizoni wa botulism, ndipo mphutsi zodya nyama yowolayo zimamusenza. Bakha akameza mphutsi zochepa chabe, wagwa. Tsekani pobowoka pa mpanda pamene amatulukira. Chakufa chilichonse pabwalo chikwiriridwe mozama. Amene wagwa kale, muikeni pamthunzi, muzimumwetsa madzi oyera pang'onopang'ono, mutu mutaugwirira kuti asatsamwe. Ena amene sanadye poizoni wambiri amadzuka. Ndipo abakha kapena nkhuku zikamafa zambiri mwadzidzidzi, musadye, musagulitse, musataye m'ngalande. Kauzeni a ofesi ya zaziweto ya boma lathu la Ndola tsiku lomwelo, pakuti pali matenda ena a mbalame amene boma liyenera kuwadziwa msanga.

Kabakha kodwala miyendo kasamalidwe motere. Kapatuleni, chifukwa tinzake timakaponda pothamangira chakudya, koma kaikeni ndi kanzake kamodzi kofatsa, pakuti kabakha kokha kamalira mpaka kusiya kudya. Chakudya ndi madzi zikhale pamene kangafike osayenda. Madzi akumwa akhale oti mlomo wonse ulowe, katsukire mphuno, koma osati oti kalowemo thupi lonse. Zoyala zikhale zouma. Kogona pachinyezi kamasupuka pachifuwa. Masana kukafunda, kaikeni m'beseni la madzi ofunda kwa mphindi zisanu, inu muli pomwepo. M'madzi thupi limapepuka, miyendo imapalasa popanda katundu. Mukakatulutsa kapukuteni, chifukwa tiana tolera popanda make sitikhala ndi mafuta oteteza nthenga, ndipo timazizidwa msanga. Usiku wa June ndi July, magetsi akathima, ambiri timasendeza mbaula pafupi ndi katoni. Chitani, koma zenera likhale lotsegula pang'ono, chifukwa utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha tiabakha pamodzi ndi mwini wake.

Mwina ena simukondwera ndi izi, koma ndinene. Kabakha kamene mwakasamala masabata awiri, kakukula thupi koma sikakuima ngakhale pang'ono, kagona pazitosi zake, pachifuwa pachita zilonda, sikadzayendanso. Kukasunga ndi kukazunza. Kapheni mwamsanga ndi mosakavutitsa, mphamvu zanu zipite kwa totsalato. Ndipo kamene kachira koma miyendo ili yokhota kuyambira tsiku loswedwa, kakakula kakhale ka ndiwo, musakasiye kuti kakhale mbewu.

Nthawi yatithera. Sabata yamawa tidzakamba za kamangidwe ka khola la abakha papuloti yaing'ono, makamaka kumene madzi otsukira khola angapite popanda kulowa kwa aneba. Amene muli ndi mafunso, tilembereni kuno ku wailesi, ndipo mutiuze zaka za ziweto zanu, chimene zikudya, ndi tsiku limene vuto linayamba.

[Nyimbo yotsekera.]